Kukonza Zolakwa m'Mabuku Osindikizidwa: Zomwe Tikuphunzira Kugombe la Nyanja ku Salima

Mawu Oyamba

Akuluakulu adati madzi akatayika sawoleka. Mwambi umenewu umagwirizana kwambiri ndi nkhani ya mabuku. Mlembi akalakwitsa papepala lake amangofufuta n'kulembanso, koma cholakwa chikalowa m'makina osindikizira chimaswana tsiku lomwelo. Buku likasindikizidwa makope 5,000, cholakwa chimodzi chimasanduka zolakwa 5,000, ndipo chilichonse chimalowera kwake: china kusukulu, china kutchalitchi, china m'nyumba ya munthu wamba.

M'chimangirizo chino ndifotokoza njira zimene osindikiza amatsata pokonza zolakwa buku litatuluka kale. Zitsanzo zambiri ndazitenga kwathu ku Salima, m'mbali mwa nyanja, kumene ndimadziwa momwe mabuku amafikira ndi momwe amakhalitsira m'manja mwa anthu. Mfundo yanga ndi yakuti cholakwa sichinakonzedwe ngati munthu amene ali ndi buku lakale sanamve za kukonzako. Wosindikiza akhoza kusintha lembo mu ofesi yake mumzinda, koma ngati mwana wa ku Chipoka akuwerengabe tsamba lakale, ndiye kuti ntchito idakalipo.

Mitundu ya Zolakwa

Tisanakambe za kukonza, tiyenera kusiyanitsa zolakwazo, pakuti mtundu uliwonse uli ndi mankhwala akeake. Ine ndazigawa patatu.

Mtundu woyamba ndi wa zolakwa za potayipa. M'Chichewa lembo limodzi lili ndi mphamvu yaikulu. Nkhodolero ikasowa m'mawu oti ng'oma timatsala ndi ngoma, ndipo chida choyimbira chasanduka nyama yam'tchire. Lembo la h likagwa mu mphanda timapeza mpanda. Choopsa kwambiri ndi mphatikiram'kati wa kukana, -sa-. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, kuti nsomba ziswane. Tiyerekeze kuti chidziwitso cha lamuloli chasindikizidwa, ndipo wotayipa walemba "akaphe" pamene pamafunika "asaphe". Lembo limodzi lokha lasintha, koma pepala likutuma asodzi kukachita chimene mfumu yaletsa.

Zoterezi zidachitikadi ku London m'chaka cha 1631, pamene Robert Barker ndi Martin Lucas adasindikiza Baibulo lachingerezi. Pa lamulo loletsa chigololo adasiya liwu lokana, kotero kuti lamulolo lidalamula chimene limayenera kuletsa. Osindikizawo adalipitsidwa mapaundi 300, ndipo kudalamulidwa kuti mabukuwo awonongedwe. Ngakhale zidatero, makope angapo adapulumuka ndipo alipo mpaka lero.

Mtundu wachiwiri ndi wa zolakwa za mfundo: chaka cholakwika, dzina la mfumu losokonezedwa, nambala yosalondola kapena tanthauzo lopotoka. Izi n'zovuta kuzigwira chifukwa mawu ake amakhala olembedwa bwinobwino. Munthu wofufuza kalembedwe kokha amazidutsa osaziona. Zimafuna munthu wodziwa nkhaniyo.

Mtundu wachitatu ndi umene umatikhudza kwambiri ife ophunzira chiyankhulo. Izi ndi zinthu zimene zidali zolondola pa nthawi yosindikiza, koma zidasanduka zolakwika malamulo atasintha. Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko m'chaka cha 1968. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwaunikanso mu 1980 ndi mu 1990. Kuyambira 1996 ntchitoyi idapita m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Nthawi iliyonse malamulo akasintha, mabuku amene adali kale m'masukulu ankasanduka akale usiku umodzi, popanda mlembi kapena wosindikiza kulakwitsa kanthu.

Njira Zimene Osindikiza Amatsata

Njira yoyamba, yomwenso ndi yotsika mtengo, ndi kapepala kandandanda wa zolakwa, kamene osindikiza amakatcha errata. Cholakwa chikaoneka mabuku atasindikizidwa koma asanagulitsidwe, amalemba nambala ya tsamba, mzere, mawu olakwika ndi mawu oyenera, n'kulowetsa kapepalako m'buku lililonse. Ubwino wake ndi wakuti wosindikiza amavomera poyera. Kuipa kwake n'kwakuti kapepala kosamata kamagwa msanga, ndipo mabuku amene adagulidwa kale sakalandira.

Njira yachiwiri ndi kukonza posindikizanso. Makope oyamba akatha, wosindikiza amasintha malo olakwika asanatulutse ena. Chitsanzo chodziwika ndi cha mtanthauziramawu wachingerezi wa Webster wa 1934, momwe mudalowa liwu loti dord. Liwuli kunalibe m'chiyankhulo. Lidabadwa chifukwa kapepala ka mkonzi wa sayansi kofotokoza chidule cholembedwa ndi D wamkulu kapena d wamng'ono kadawerengedwa ngati liwu limodzi. Cholakwacho chidadziwika mu 1939, patapita zaka 5. Popeza masamba ankasindikizidwa ndi zitsulo zoumbidwa kale, akonzi adachotsa liwulo n'kutalikitsa tanthauzo la liwu loyandikana nalo kuti tsamba lisakhale ndi mpata. Pa njira imeneyi buku limasunga nambala yake ya ISBN, ndipo kawirikawiri wowerenga sauzidwa kuti pali chimene chasintha.

Njira yachitatu ndi kutulutsa buku lounikidwanso. Zosintha zikachuluka, buku limakonzedwa lonse, limapatsidwa nambala yatsopano ya ISBN, ndipo pachikuto kapena kuseri kwa tsamba la mutu amalembapo kuti launikidwanso. Kuno kwathu chitsanzo chakale ndi mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott wa 1892, umene Alexander Hetherwick adauunikanso n'kuutulutsa mu 1929 ngati mtanthauziramawu wa Chinyanja. Pakati pa mabuku awiriwa padapita zaka 37, zimene zikutisonyeza kuti njira imeneyi ndi yodalirika koma yochedwa.

Njira yachinayi ndi kuitanitsa mabuku. Cholakwa chikakhala choopsa, monga mlingo wolakwika wa mankhwala kapena mawu oipitsa mbiri ya munthu, wosindikiza amaletsa kugulitsa, n'kubweza mabuku kuchokera m'masitolo. Nthawi zina amadula tsamba lolakwikalo n'kumatapo lina, ndipo nthawi zina amawononga makope onse. Njirayi imadya ndalama zambiri, ndipo kwa osindikiza ang'onoang'ono ikhoza kugwetsa bizinesi.

Njira yachisanu ndi ya nyuzipepala ndi magazini a kafukufuku. Izi zimatuluka kawirikawiri, choncho zimakonza pa kope lotsatira. Nkhani ya kafukufuku ikapezeka kuti ndi yabodza kapena yosadalirika, akonzi amalengeza kuti aibweza. Magazini ya zachipatala ya The Lancet idatero mu 2010 ndi nkhani ya Andrew Wakefield ya 1998, imene idachititsa makolo ambiri kuopa katemera wa chikuku. Nkhaniyo sidafufutidwe. Idasiyidwa poonekera koma itadindidwa kuti yabwezedwa, kuti aliyense woipeza adziwe. Komabe zaka 12 zidakwanira kuti bodza lifike kutali kumene chilengezo cha akonzi sichidafike.

Chitsanzo cha Buku Lopatulika

Palibe buku la Chichewa limene lafika m'nyumba zambiri m'mbali mwa nyanja kuposa Baibulo, ndipo mbiri yake idayambira pafupi ndi Salima. Munthu akachoka kunyanja kulowera ku Lilongwe amakwera mapiri a ku Mvera, kumene amishoni a Dutch Reformed Church adakhazikitsa mishoni yawo yoyamba mu 1889. Pafupi pomwepo, paphiri la Kaso, ndi pamene William Murray adagwirira ntchito yomasulira Baibulo mothandizana ndi anzake komanso aphunzitsi a kuno kwathu. Baibulo lonse lidatuluka mu 1922 ndi dzina loti Buku Lopatulika.

Bukuli lidalembedwa m'kalembedwe kakale. Pamene ife timalemba ch, ilo linkalemba c yekha, monga m'mawu oti cifukwa. Pamene ife timati wake, ilo linkati wace. Izi sizidali zolakwa pa nthawi yake, koma malamulo a Chichewa Board atakhazikika, mwana wophunzira kusukulu ankaona kalembedwe kena m'kalasi ndi kena kutchalitchi.

Chimene ndikufuna kuti tione ndi chakuti vuto limeneli lidayankhidwa m'njira ziwiri zosiyana. Yoyamba idali kumasulira mwatsopano. Mu 1998 bungwe la Bible Society of Malawi lidatulutsa Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina adagwirira ntchito limodzi, ndipo lidalembedwa m'Chichewa chimene anthu amayankhula. Pamene buku lakale limati Yehova, latsopanoli lidasankha dzina loti Chauta. Apa sitinganene kuti lina lidalakwa. Omasulira adangosankha mosiyana. Njira yachiwiri idali kusunga kumasulira kwakale koma kukonza kalembedwe kokha, monga momwe zilili m'kope la Buku Lopatulika la 2014, momwe cifukwa adasanduka chifukwa ndipo wace adasanduka wake.

Chifukwa chiyani sadangosiya buku lakalelo? Yankho lake ndi lakuti anthu adaliloweza. Agogo amene adaphunzira mavesi m'kalasi ya ubatizo zaka 50 zapitazo safuna kumva mawu ena pamaliro a mnzawo. Wosindikiza wanzeru amadziwa kuti buku likakhalitsa limasanduka la owerenga, ndipo kulikonza kumafuna ulemu. N'chifukwa chake m'matchalitchi a ku Senga Bay, ku Lifuwu kapena ku Khombedza si zachilendo kupeza pabenchi limodzi anthu atatu ali ndi Mabaibulo atatu osiyana kalembedwe, wachinayi akuwerenga pafoni. Popembedza zimenezi sizivuta. Vuto limabwera mwana uja akatenga kalembedwe ka m'Baibulo la agogo ake n'kukalemba pa mayeso a Chichewa, pakuti wochonga amatsata malamulo a lero.

Chimodzimodzi ndi lembo la ŵ. Buku Loyera limaligwiritsa ntchito, pamene nyuzipepala zambiri za Chichewa sizililemba. Wophunzira amene sadauzidwe mbiri ya lemboli amaganiza kuti mmodzi mwa osindikizawo adalakwitsa, chonsecho aliyense adatsata mfundo yake.

Mayina a Nsomba ndi Mayina a Malo

Nyanja yathu imatipatsa chitsanzo cha momwe asayansi amakonzera zolemba zawo. M'mabuku akale chambo chinkalembedwa m'gulu la Tilapia. Ethelwynn Trewavas, katswiri wa nsomba wa ku British Museum amene adachita nawo kafukufuku wa nsomba za m'nyanja ino mu 1939, adatulutsa buku mu 1983 limene lidaika chambo m'gulu la Oreochromis. Msodzi wa ku Senga Bay sadasinthe kanthu, chambo ndi chambo basi. Koma wophunzira amene akuwerenga malipoti akale ndi atsopano ayenera kudziwa kuti Tilapia squamipinnis ndi Oreochromis squamipinnis ndi nsomba imodzi. Asayansi adapeza njira yabwino yothetsera chisokonezochi. Akasintha dzina, amalemba mndandanda wa mayina onse akale pansi pa dzina latsopanolo, pamodzi ndi chaka ndi munthu amene adalitchula. Potero wowerenga amatha kulondola mapazi kuchoka pa dzina lakale kufika pa latsopano.

Mayina a malo nawonso adakonzedwa. Pamapu a nthawi ya atsamunda tidali ndi Kota Kota, Ncheu, Cholo ndi Mlanje, chifukwa olembawo ankalemba momwe makutu awo adamvera. Pambuyo pake mayinawa adalembedwa Nkhotakota, Ntcheu, Thyolo ndi Mulanje. Mapu akale sadaitanitsidwe, adangolowedwa m'malo ndi atsopano pang'onopang'ono, ndipo wofufuza mbiri ya kugombe lino amayenera kudziwa kalembedwe konse kuwiri.

Kukonza ndi Kufufuta

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kukonza cholakwa ndi kufufuta chinthu chimene wina sakuchifuna. Mbiri yathu ikutiphunzitsa zimenezi. Pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964, mayina a anthu monga Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume adakhala oopsa kuwatchula, ndipo kwa zaka zambiri nkhani ya momwe dziko lidapezera ufulu inkakambidwa ngati iwo kunalibe. Uku sikudali kukonza. Kukonza kwenikweni kumanena poyera kuti pano padalembedwa chakuti, choyenera ndi chakuti. Kufufuta kumafuna kuti wowerenga asadziwe n'komwe kuti padali kanthu.

Ichi ndi chifukwa chake ndimakayikira chizolowezi chokonza mwakachetechete. Ngati chasintha ndi mpatuliro kapena lembo lotembenuka, palibe mlandu. Koma ngati chasintha ndi chaka, nambala kapena tanthauzo, wowerenga ayenera kuuzidwa, pakuti mwina adachikopera kale m'kope lake kapena m'kafukufuku wake. Lamulo la dziko lino limafuna kuti wosindikiza apereke kope la buku lililonse ku National Archives ku Zomba. Phindu lina la lamuloli ndi lakuti buku loyamba limasungidwa momwe lidatulukira, ndipo wofufuza akhoza kuliyerekeza ndi lokonzedwalo.

Masiku ano nkhaniyi yakula chifukwa cha intaneti. Buku kapena nkhani ya pakompyuta ikhoza kusinthidwa m'mphindi imodzi popanda chizindikiro chilichonse. Kukonza kwafulumira, koma kufufutanso kwaphweka. Komanso kope lolakwika limene anthu adatumizirana kale pa WhatsApp limapitirira kuyenda ngakhale mwini wake atakonza lake.

Ulendo wa Kukonza Kufika kwa Wowerenga

Tsopano ndifike pa mtima wa nkhani yanga. Njira zonse zimene ndafotokozazi zimayenda bwino kumene anthu amagula mabuku atsopano kawirikawiri. Kugombe la nyanja zinthu sizili choncho. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, chiwerengero cha ana m'masukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kuyambira pamenepo kugawana buku limodzi ana angapo chidakhala chinthu chozolowereka. Buku likafika pasukulu limagwira ntchito mpaka chikuto chitatha. Palibe mphunzitsi wamkulu amene angataye mabuku abwinobwino chifukwa chakuti kwatuluka ena okonzedwa.

Pasukulu ina ya m'mbali mwa nyanja ndidaona kalasi imodzi ikugwiritsa ntchito makope a buku limodzi osindikizidwa zaka zosiyana. Ena adali ndi mau, ena mawu. Ana adatsutsana, aliyense akuloza tsamba lake, pakuti kwa mwana chilichonse chosindikizidwa ndi choona. Mphunzitsi ndiye adaweruza. Adalemba mawu onse awiri pabolodi, adafotokoza kuti kalembedwe koyamba n'kakale, ndipo adauza eni mabuku akalewo kuti alembe w wamng'ono ndi pensulo pamwamba pa liwulo. Apa ndi pamene kukonza kudathera. Wosindikiza adayamba ntchito, koma amene adaimaliza ndi mphunzitsi ndi choko chake. Kukadakhala kuti mphunzitsiyo sadadziwe za kusinthako, theka la kalasi likadapita kumayeso ndi kalembedwe kakale.

Poona zimenezi, ndikuganiza kuti pali zinthu zitatu zimene zingathandize.

Choyamba, wosindikiza akakonza buku la sukulu aziika tsamba limodzi kumapeto losonyeza zonse zimene zasintha, monga amachitira asayansi ndi mayina a nsomba. Mphunzitsi akapeza kope limodzi latsopano akhoza kukonzera makope onse akale a pasukulu pake.

Chachiwiri, uthenga wa kukonza uzidutsa njira yomwe bukulo lidadutsa. Mabuku a pulayimale amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi ndipo amafika m'masukulu kudzera m'maofesi a zamaphunziro. Alangizi a m'mazoni amakumana ndi aphunzitsi kawirikawiri, choncho pepala limodzi la zokonza likhoza kufika pasukulu iliyonse popanda ndalama zambiri. Wayilesi za m'madera ndi mauthenga a pafoni zikhozanso kuthandiza, makamaka pa zidziwitso zokhudza umoyo, ulimi ndi usodzi, kumene cholakwa chikhoza kuwononga moyo kapena chuma.

Chachitatu, osindikiza azitsegula khomo loti owerenga aziwauza zolakwa. Wakutsina khutu ndi mnansi. Zolakwa zambiri za mfundo zimaonedwa ndi anthu a kumaloko. Msodzi amadziwa kusiyana kwa utaka ndi usipa kuposa mkonzi wa mumzinda, ndipo mkulu wa m'mudzi amadziwa dzina lenileni la dooko limene mapu adalilemba molakwika. Buku lililonse likadakhala ndi keyala kapena nambala yotumizirako zolakwa, kusindikiza kwachiwiri kukadakhala kwabwino kuposa koyamba.

Mathero

Taona kuti zolakwa zili mitundu itatu, ndipo kuti osindikiza ali ndi njira zingapo zozikonzera, kuyambira pa kapepala ka errata kufikira pa kuitanitsa mabuku onse. Taonanso kuchokera pa Buku Lopatulika kuti m'Chichewa zambiri zimene timazitcha zolakwa ndi mapazi a kusintha kwa malamulo a kalembedwe, ndipo kuti buku lakale silichoka m'manja mwa anthu chifukwa chakuti latsopano latuluka.

Ife amene tikuphunzira chiyankhulo, ambiri mwa ife tidzakhala aphunzitsi, akonzi, omasulira ndi atolankhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho tiyenera kuzolowera kuwerenga masamba modekha asanapite kumakina. Tiyeneranso kuzolowera kuyang'ana chaka chimene buku lidasindikizidwa tisanalikhulupirire kapena kulitsutsa. Ndipo cholakwa chikapezeka buku litatuluka, funso loyamba lisakhale lakuti walakwitsa ndani. Tizifunsa kuti makope akalewo ali kuti, akuwawerenga ndani, ndipo tiwauza bwanji.